Makina Sadzavomera M'malo mwa Achimwene Anga

Sitiroko itawagwira achimwene anga, inawasiyira liwu limodzi lokha mkamwa: ayi. Ukawafunsa ngati adya, ayi. Ukawafunsa ngati akufuna madzi, ayi, uku dzanja lamanzere latambasuka kale kulandira kapu. Abusa atabwera kudzawazonda anawafunsa ngati akukhulupirirabe Mulungu. Yankho mukulidziwa kale, ndipo mlamu wanga anathawira kuseri kwa nyumba kukaseka. Mutu wawo unali bwinobwino, zonse ankamva, ndipo ndi dzanja lamanzerelo ankatha kulemba mawu awiri atatu, zilembo zikuluzikulu zopendama. Chimene chinakana ndi pakamwa basi.

Munthu ameneyu musamuone chonchi. Anayamba ndi kusenza katundu wa alendo ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kenako anakhala woperekeza anthu kuphiri, ndipo akaitana mnzawo ali tsidya lina la khwawa mumkhungu, ngakhale anyani ankatembenuka. Amayi athu atamwalira, iwo ndi amene anandilera, nandiumiriza sukulu pamene anzanga ankapita kukatchola tiyi. Ndiwo mwini mbumba kwathu. Ukwati, maliro, mkangano wa malire a munda, palibe chinkatheka iwo asanatsegule pakamwa. Ndiye mwana wanga wamkazi atandiuza kuti akwawo kwa mnyamata wake akufuna kubwera kudzafunsira mbeta, chimwemwe changa chinatha msanga. Ndinangoganiza za mpando wa mwini mbumba pakhonde pa achimwene, kuti akhalapo ndani.

Sindinadikire nthawi yaitali. Tili ndi m'bale wathu wina, mwana wa amayi aang'ono, amene ali ndi sitolo ya malata ndi simenti pa Chitakale. Tonse timangowatchula kuti a sitolo. Si munthu woipa ayi, koma ali ndi nthenda imodzi: aliyense wobwera pa galimoto amamuvomera asanamalize kuyankhula. Anandipeza kwa achimwene Loweruka masana atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, nakhala pansi mwaulemu ngati abwera kudzapepesa maliro.

"Achemwali, tisabisane," anatero. "Mukatumiza bwanji munthu woyankha ayi ku nkhani ya ukwati? Alendo adzangoti tabwera kudzapempha, iwo ayi, basi ukwati watha. Ine ndilipo, ndiyankhula m'malo mwawo. Iwo apume."

Anayankhula zimenezi achimwene ali pomwepo pampando, mtunda wa mkono umodzi, ngati akunena za mbuzi yomangidwa. Ndinaona chala cha achimwene chikukanda bondo.

"Apume chiyani, amwalira?" ndinatero. "Mwini mbumba alipo, ndi awa. Adzayankhula."

"Ndi pakamwa pati?"

"Zimenezo ndi zanga."

A sitolo anaseka, nanyamuka, akupukuta jekete. Kunena zoona, panthawiyo ndinalibe yankho lenileni. Ndinali ndi mkwiyo ndi ntchito yanga, basi.

Ntchito yangayo ndiifotokoze, chifukwa ngakhale abale anga amangoti ndimagwira za makompyuta. Ndili pa kaofesi kena pa Boma, kamene kamakonza zoti alimi azilandira uphungu pa foni. Alimi athu ambiri maso anatopa, ena sukulu sanapite nayo patali, ndiye uthenga wolembedwa suwathandiza. Pamafunika chida chotenga zolemba n'kuzisandutsa mawu omveka m'khutu. Zida zoterezi zilipo zambiri, chilichonse ndi malangizo ake a kagwiritsidwe ntchito. Ndipo masiku ano si munthu yekha amene amawerenga malangizowo. Tili ndi AI, kamtumiki ka mu kompyuta kamene umakatuma ntchito, iko n'kumawerenga malangizo a chidacho n'kuchita zimene awuza. Ine ntchito yanga ndi kuyesa malangizowo. Ndimakapatsa kamtumikiko malangizo okhaokha, osakathandiza, n'kukatuma kuti kayankhulitse chida. Kakakwanitsa, malangizo ndi abwino. Kakasochera, ndimafufuza pamene olemba anakasocheretsa.

Kamtumiki aka kali ndi khalidwe la mlendo wamanyazi. Malangizo akakhala chete pa chinthu, iko sikanena kuti sindikudziwa. Kamapeka njira yake, n'kubwera kudzakuuza mokondwa kuti ntchito yatheka. Ndiye malangizo obisa zinthu ndi oopsa kuposa malangizo osowa, chifukwa bodza limachita kuberekana.

Mwezi umenewo tinali ndi zida zingapo pa tebulo, koma mkangano unali pa ziwiri. Choyamba chinali chokongola, abale inu. Tsamba lake loyamba linali ndi zithunzi za amayi akumwetulira m'munda, ndi mawu akuluakulu onena kuti chimayankhula zinenero za mu Afirika ngati mbadwa. Ukadina pa chitsanzo, pankatuluka mawu a bambo osalala ngati owerenga nkhani pa wailesi. Bwana wathu, mnyamata wa ku Blantyre wokonda zinthu zowala, anachimva kamodzi n'kugwa nacho m'chikondi. Chachiwiri chinali chonyansa maonekedwe. Zilembo zakuda pa tsamba loyera, popanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo ndime yoyamba yeniyeniyo inali kuulula zofooka: kuti mawu a Chichewa akadali oyeserera, kuti amatchula mawu ena molakwika, kuti sakwera kapena kutsika bwino pofunsa funso. Ndipo sankanama. Mawu ake ankamveka ngati mzungu wa mishoni amene wagwidwa chimfine.

Ine ndili ndi funso limodzi limene ndimafunsa malangizo alionse, ndipo ndinaliphunzira kwa alimi omwewo. Mlimi akamamvera uphungu wa feteleza amati, "Tadikirani kaye," n'kuitana mkazi wake kuti amve nawo. Ndiye funso langa ndi lakuti: chinthuchi ndingachikhazike chete bwanji? Malangizo onse amathamangira kukuuza mmene ungachiyankhulitsire. Ochepa kwambiri amakuuza mmene ungachiletsere.

Ndinatuma kamtumiki kaja ndi malangizo a chida chokongola. Ndinati kawerengetse uthenga, kaime pakati, kadikire munthu adine ndiye kapitirize. Kanafufuza masamba onse. Za kuima panalibe. Panali tsamba lina lolembedwa mutu wokha, pansi pake n'kuti zikubwera posachedwa. Chitsanzo chimene anaikapo chinali cha chida chakale chimene anasintha kale. Kamtumiki kanapeka lamulo lake, n'kundiuza kuti zatheka. Nditadina, bambo wa pa wailesi uja anayamba kuyankhula, ndipo anayankhula mpaka kumapeto osapuma, ine ndikudina paliponse ngati ndikuzimitsa moto. Netiweki itadukira pakati, anakhala chete pang'ono, ndipo itabwerera anayambiranso pachiyambi yekha, popanda womutuma. Malangizo sananenepo kanthu za zimenezo.

Malangizo onyansa aja anali ndi mutu wakewake wa nkhani imeneyi. Anafotokoza mmene ungadulire uthenga m'zidutswa, mmene ungasungire zidutswazo mu foni kuti zimveke popanda netiweki, ndi kuti chidutswa chotsatira sichidzamveka pokhapokha munthu atadina. Analemba ngakhale zimene zimachitika munthu akadina kawiri mwangozi. Kamtumiki kanatsata mzere ndi mzere, osapeka kanthu, ndipo zinatheka ulendo woyamba. Ndinakhala pa mpando wanga ndikumvera mzungu wa chimfine uja ataima phee, kudikira chala changa, ndipo m'mutu mwanga munabwera khonde la achimwene.

Pajatu kufunsira mbeta si kuwerenga chilengezo. Mwini mbumba amanena mfundo imodzi, n'kukhala chete. Alendo amawomba m'manja mwaulemu, n'kuti zikomo. Iye amawayang'ana, amayeza nkhope zawo, mwina amawasiya atuluke thukuta pang'ono, ndiye n'kunena ina. Mphamvu yake ili pa kukhala chete kumeneko. Achimwene ankadziwa kukhala chete mpaka mlendo n'kuyamba kuulula zimene sanafunsidwe. Chida chosadziwa kuima chikanawalanda chinthu chokhacho chimene sitiroko inawasiyira chathunthu.

Ndinalemba chigamulo changa ku ofesi: malangizo a chida chokongola alephera, a chonyansa apambana. Bwana anabwera pa tebulo langa atagwira m'chiuno.

"Amayi, mwamvera mawu ake koma? Alendo athu akabwera tidzawamvetsa chimfine chimenechi?"

"Munandilemba ntchito yoyesa malangizo, osati yosankha woyimba kwaya," ndinatero. "Chikomekome cha mkuyu, bwana, m'kati muli nyerere."

"Tangokwezani pang'ono mamalikisi. Zoimazo adzakonza, alemba okha kuti zikubwera."

"Zikadzabwera mudzandiitane ndidzayesenso. Lero palibe. Mukafuna kusintha sinthani nokha, koma dzina langa mulichotsepo."

Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala, n'kubwerera ku mpando wake. Sanasinthe kanthu. Madzulo ake, mtima utatsika, nditamuuza za achimwene, anandimvera chisoni ndithu, ndipo chisoni chakecho chinabwereranso pomwe paja. Anati pa nkhani ya ulemu ngati imeneyo ndiye ndigwiritse chokongolacho, munthu wamkulu asachite manyazi pamaso pa alendo. Ndinamuthokoza, n'kutenga chonyansa changa.

Amene anandipweteka mtima ndi mwana wanga. Nditamumvetsa mawuwo kunyumba anagwira pakamwa, kenako misozi.

"Amayi, anthu aja ndi a ku chigawo chapakati, Chichewa ndi chawo. Adzatiseka. Adzati Alomwe a ku Mulanje atibweretsera chidole. Bwanji amalume a sitolo angoyankhula, zithe?"

"Amalume ako ndi ati?" ndinamufunsa. "Amene anakunyamula pamsana kupita nawe kuchipatala uli ndi malungo ndi a sitolo? Njerwa zimene waumba kuseri kuja, malo ake anakupatsa ndani?"

Mwanayu anali atagwirizana kale ndi mnyamata wake, amene amagwira ntchito pa Boma pomwepa, kuti adzamanga pa malo a mbumba yathu monga timachitira kuno, mwamuna kubwera kwa mkazi. Achimwene anali atamulozera malowo ndi ndodo yawo chaka chimene anadwala. Komabe manyazi a mtsikana ndi manyazi a mtsikana, ndipo anagona osandiyankhula. Ndinakwiya naye, koma ndinamumvetsa. Inenso mawu aja ankandinyansa.

Ndinayamba kupita kwa achimwene ndikaweruka, foni m'chikwama. Ulendo woyamba nditawamvetsa chidacho, anatseka maso ngati alawa ndimu. "Ayi," anatero, ndipo ameneyo anali ayi weniweni. Ndinawamvetsanso chokongola chija kuti asadzati ndinawabisira. Nkhope inawala. Ndiye ndinati, "Achimwene, tachiletsani." Anadina. Bambo wa pa wailesi anapitiriza. Anadinanso mwamphamvu, anagwedeza foni, anaiika pansi pa ntchafu, bambo uja akungoyankhula kuchokera pansipo. Mlamu anaseka mpaka kukhala pansi. Achimwene sanaseke. Anandibwezera foniyo, n'kuloza ndi chala kuti bweretsa chinzake chija.

Mawu tinkakonza chonchi. Iwo ankalemba mawu awiri atatu ndi dzanja lamanzere, kamtumiki n'kuwatambasula kukhala chiganizo, ine n'kuwawerengera. Kamtumikiko kankakonda zokometsera, iii, kankalemba ngati kalata ya chibwenzi. Achimwene ankangoti ayi, ayi, mpaka chiganizo chitatsala mafupa okhaokha, mmene ankayankhulira iwo kale. Tinadula zonse m'zidutswa, chilichonse ndi bokosi lake lalikulu pa foni loti chala chonjenjemera chisaphonye. Panali cholandira alendo, chofunsa chimene abwerera, chofunsa ngati mnyamatayo alibe mkazi wina kwawo, chonena za khalidwe la mwana wathu. Chomaliza chinali chachifupi: Tamva, ndipo tavomera. Bokosi limenelo anandiuza ndi manja kuti ndiliike pansi penipeni, patali ndi anzake.

Anayeserera masiku ambiri, nkhuku za pabwalo ndizo zinali alendo. Ndinaona msana wawo ukuwongoka pang'onopang'ono. Mlamu anandinong'oneza kuti ayambanso kupempha madzi ometera ndevu.

Tsiku litafika alendo anabwera pa galimoto yoyera, ndipo ndinadziwiratu kuti a sitolo atha. Anali amalume a mnyamata, bambo wonenepa wa mawu okoma, ndi mnzawo wowaperekeza. A sitolo anathamangira kukawatsegulira chitseko, n'kudzikhazika pa mpando woyandikana ndi achimwene, jekete lomwe lija. Amayi a mwana sakhala nawo pa nkhani zimenezi, ndikudziwa. Ine ndinayala chitenje pakhomo penipeni, theka m'nyumba theka panja, ndipo amene akanafuna kundichotsa akanayamba wandinyamula. Mwana wanga anali m'chipinda kuseri kwanga, khutu pa chitseko.

Moni atatha, a sitolo anakonza pakhosi kuti ayambe. Achimwene anakweza dzanja lamanzere, osawayang'ana n'komwe, n'kudina bokosi loyamba.

"Takulandirani pakhomo pano. Khalani omasuka."

Mayo ine, mawu aja! Panja, pamaso pa alendo, ananyansa kuposa mu ofesi. Woperekeza uja anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Amalume onenepa analuma mlomo. Ndinamva mwana wanga akubuula chapansipansi kuseri kwa chitseko. A sitolo anamwetulira kwa alendo kumwetulira kopepesa, ngati akuti mwaonatu zimene ndimanena.

Koma chidacho chinaima. Achimwene anaika dzanja pa bondo, n'kuwayang'ana alendowo. Sanaphethire. Kunamveka njinga ikudutsa kumsewu, kunamveka nkhuku. Mapewa a woperekeza anasiya kugwedezeka. Amalume onenepa anasuntha pa mpando, anayang'ana a sitolo, anayang'ananso achimwene, ndipo pomaliza anakumbukira mwambo. Anawomba m'manja, phu phu phu, n'kuti, "Zikomo, zikomo wawa." Apo m'pamene chala chinapita pa bokosi lachiwiri.

Pofika pa funso la mkazi wina palibe amene ankamvanso chimfine. Ankamva funso, kenako ankamva maso aja. Amalume onenepa anayankha, achimwene anakhalabe chete, ndipo bamboyo anawonjezera yekha kuti mnyamatayo anali ndi chibwenzi china kale koma chinatha bwinobwino, makolo akudziwa. Ndinatsala pang'ono kululutira. Ameneyo ndiye anali mchimwene wanga amene ndimamudziwa.

Zonse zinayenda mpaka patatsala bokosi lomaliza. Ndiye amalume onenepa anawomba m'manja kupempha mpata, n'kuyamba kuzungulira ndi mawu okoma. Anayamikira mwana wathu, anayamikira phiri, anayamikira tiyi. Kenako anatula chimene anabwera nacho m'thumba. Anati kwawo mnyamatayu ndi mwana wamwamuna yekhayo, amayi ake akukalamba, ndiye akupempha kuti ukwati ukachitika mtsikana adzatengedwe chitengwa, akakhale kwawo kwa mwamuna. Anati poti tagwirizana kale pa zina zonse, kameneka n'kakang'ono, tingokamalizira limodzi.

Kuseri kwanga chitseko chinalira pang'ono. Nkhani imeneyi sitinaikonzere bokosi. Palibe amene anaiyembekeza, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti ngakhale mnyamatayo sankadziwa kuti amalume ake adzaitulutsa. Mu foni munatsala mawu amodzi okha, ovomera. Chikanakhala chida chokongola chija, bwenzi chitayankhula kale mpaka kumapeto, tavomera ali m'makutu mwa alendo pempho lisanabwere n'komwe, iwo n'kungolikoleka pamwamba.

A sitolo anadumphira. "Aaa, zimenezo n'zosavuta, masiku ano dziko linasintha, ife sitingakanize mwana..."

"Ayi."

Liwu limeneli silinachokere mu foni. Linachokera m'chifuwa chomwe chija chinkaitana anthu tsidya la khwawa, ndipo nkhuku zinabalalika pabwalo. Achimwene anatembenuza foniyo chafufumimba pa ntchafu, n'kuikapo dzanja lonse.

A sitolo anaseka mwamanyazi. "Musadandaule nazo, alendo athu. Ndi matenda. Liwu limene amatha ndi lomwelo, ngakhale muwapatse nyama amati ayi."

Apa ndiye ndinaiwala kuti ndine mayi wa mwana woyenera kukhala chete.

"Pepani akuluakulu, ndilowerere," ndinatero ndili pa chitenje changa. "Mu fonimo muli mawu ovomera. Anawakonza okha, ndipo akudziwa pamene ali. Chinthucho sichiyankhula chokha, chimadikira chala chawo. Akafuna kuvomera adina. Inu a sitolo, chala chawo mukuchiona pamene chili?"

Onse anayang'ana dzanja lija. Linali phee pamwamba pa foni, mitsempha itatupa. Palibe chimene a sitolo akanatanthauzira pamenepo. Anangoyamba kufunafuna kanthu m'thumba la jekete.

Kukhala chete kumene kunatsatira sindidzakuiwala. Amalume onenepa anayesa kuyang'ana a sitolo kuti awathandize, koma a sitolo anali otanganidwa ndi thumba lawo. Anayesa kumwetulira kwa ine, ine ndinayang'ana phiri. Anapukuta thukuta pakhosi. Ananong'onezana ndi mnzawo. Achimwene osasuntha, ngati mwala wa pamtsinje. Ine ndinkadziwa kuti anthuwa akhoza kunyamuka n'kukwera galimoto yawo, mwana wanga n'kudzandida moyo wake wonse. Ndinachita mantha kwambiri, koma sindinatsegule pakamwa kachiwiri. Mlandu unali m'manja mwa mwini wake.

Pomaliza bambo uja anatembenuza mpando wake kuti uyang'ane achimwene okha. Anawomba m'manja nthawi yaitali kuposa poyamba.

"Wawa, tamva. Tinangoti tiyese, paja wopempha salema. Za chitengwa tazibweza m'thumba. Ana akamange pamene munawalozera. Zikadzafunika kutsogolo, tidzabweranso kudzagwada kwa inu nomwe."

Achimwene anawasiyabe pang'ono, chifukwa khalidwe silichoka ndi sitiroko. Kenako anatembenuza foni, anaiyandikiza kumaso, chala chinatsika pang'onopang'ono kudutsa mabokosi onse mpaka pansi penipeni.

"Tamva, ndipo tavomera," anatero mzungu wa chimfine uja, ndipo panalibe woseka.

Mlamu analulutira kuchokera kukhitchini, ine ndinalira osabisa. Alendo potsanzika anapita kwa achimwene poyamba, atawerama, n'kuwagwira dzanja lamanzere ndi manja awiri. Koma a sitolo, alendowo anangowapatsa moni wapanjira popita ku galimoto. Masiku ano a sitolo tikakumana pa Chitakale amandiuza kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti makina aja athandiza, ndipo ine ndimangowayang'ana.

Galimoto itachoka mwana wanga anatuluka m'chipinda, maso atatupa. Sanabwere kwa ine. Anapita molunjika pakhonde, anagwada pa mapazi a amalume ake, n'kuika mutu pa bondo lawo pafupi ndi foni ija. Anakhala choncho nthawi ndithu, iwo dzanja lili pamutu pake. Atadzuka anawayang'ana thukuta limene linanyowetsa kolala ya malaya.

"Amalume, mwatopa. Ndikugonekeni?"

"Ayi," anatero, n'kuloza ndi ndodo kuseri kwa nyumba, kumene kunali njerwa zake. Anafuna kukaona pamene maziko adzayambire, ndipo tinawagwira uku ndi uku n'kupita nawo.